Tinakubwereketsani kompyuta, osati bandulo

Kwa inu akuluakulu oyendetsa pulojekiti ya kafukufuku yogwirira pa browser: ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox simukuyankha.

Polowa munatiuza kuti tingotsegula tsamba lanu n'kulisiya, kompyuta izikuwerengerani masamu nthawi imene ife sitikuigwiritsa ntchito. Tinavomera ndi mtima wonse, chifukwa ntchito yotereyi timailemekeza. Mapulojekiti otere anayamba kale: SETI@home inayamba mu 1999 ku yunivesite ya Berkeley, Folding@home mu 2000 ku yunivesite ya Stanford, ndipo mu 2020, Covid-19 itavuta, makompyuta a anthu wamba a Folding@home ataphatikizana anaposa supercomputer (chimakompyuta champhamvu kwambiri) iliyonse ya nthawi imeneyo.

Koma chisinthireni tsamba lanu, browser yanga yasanduka mtengatenga. Ikalandira fayilo ya ntchito ikumaitumizanso kwa anthu ena kudzera pa WebRTC, njira imene ma browser amatumizirana zinthu okhaokha, osandifunsa. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Anthu akachuluka seva imodzi singadyetse onse, ndiye mwati tizipatsirana tokhatokha. Nzeru yabwino kwa munthu wa ku Berlin amene amalipira intaneti yopanda malire pamwezi. Kuno ambirife timagula bandulo pafoni n'kuyatsa hotspot, ndipo megabyte iliyonse imawerengedwa, yolowa ndi yotuluka yomwe. Ndinasiya laputopu madzulo bandulo ili yodzaza, m'mawa ndinapeza uthenga woti yatha. Nditayang'ana pa Task Manager, poonera zimene kompyuta ikuchita, pa Send (data yotuluka) mpamene nambala zimathamanga, tabu yotsegula ili yanu yokha. Bandulo imeneyo inali yoti mwana wa mchemwali wanga atumizire asainimenti kusukulu.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti njira yopewera izi ilipo kalekale. BOINC, pulogalamu yoyendetsera ntchito zangati zomwezi yomwe inatuluka ku Berkeley mu 2002, imalola munthu kulemba kuti isapyole ma megabyte akutiakuti pamasiku akutiakuti, komanso imasunga ntchito pamene yafika. Yanuyi magetsi akazima, batire n'kutha, zonse zimene yawerenga maola ambiri zimapita, n'kuyambanso kukoka fayilo yomweyo. Kodi poyesa pulogalamuyi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo za dziko limene magetsi amazima?

Musandiyankhe zoti ndiwerenge malamulo a tsamba. Ndawerenga, amanena za purosesa basi, za kutumizira ena mafayilo mulibe.

Ikani batani loonekera loti munthu athe kukana kukhala mtengatenga, ndipo likhale lozimitsa kufikira mwini wake ataliyatsa yekha. Tipatseni malo olembapo malire a data, ndipo ntchito izisungika mu browser kuti magetsi akabwera izipitirira pomwe inalekera. Anzanga amene ndinawakopa kuti alowe ndawauza pagulu lathu la WhatsApp kuti ayambe atseka tabuyo. Mukakonza mutiuze pompano, tidzatsegulanso.