Kirimu kapena terracotta? Onani kaye zenera la chipindacho

Akonzi,

Ndine mmisiri wopenta nyumba, ndipo eni nyumba ambiri amandifunsa ngati pabalaza apake penti wa kirimu kapena wofiirira ngati katondo, uja amati terracotta. Mitundu iwiriyi imachititsa chipinda kuoneka chofunda, koma chimandipweteka mtima n'chakuti anthu amasankha pongoyang'ana kakhadi kakang'ono ka mitundu, osaganizako za kuwala kolowa m'chipindamo.

Kuseri kwa makhadi ena amalembako nambala yotchedwa LRV, yoyambira 0 kufika 100, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene khoma lidzabweze. Kirimu amakhala cha m'ma 70 kupita m'mwamba, pamene terracotta nthawi zambiri safika n'komwe pa 30. Chipinda chaching'ono cha zenera limodzi mukachipaka terracotta makoma onse anayi, muziyatsa getsi dzuwa likuswa mtengo.

Komatu ine terracotta ndimamukonda. Kufiira kwake kumachokera ku iron oxide, dzimbiri lomwe lija limafiiritsa dothi, ndipo sasuluka msanga ndi dzuwa. Zala za ana sizionekeranso ngati pa kirimu. Malo ake ndi khoma limodzi, loyang'anizana ndi zenera lalikulu, enawo n'kukhala a kirimu. Zenera likaloza kumadzulo muchenjere, chifukwa dzuwa lolowa n'lofiira kale, ndipo likamenya khomalo chipinda chimaoneka ngati chayaka. Ena zimawasangalatsa, ena zimawatopetsa maso.

Usiku wolamula ndi babu. Nambala ya K yolembedwa pa babu imasonyeza mtundu wa kuwala kwake: la 2700K, lowala mwachikasu lija, limawonjezera chikasu pa kirimu n'kuzamitsa terracotta. La 6500K, loyera mbee lija, limachititsa kirimu kuoneka wotuwa, terracotta n'kukhala ngati wada ndi litsiro.

Choncho musanagule zidebe zikuluzikulu, tengani tizitini tating'ono ta mitundu yonse iwiri. Pakani malo a mita imodzi mbali zonse, kawiri, pena pafupi ndi zenera pena pakona yamdima, mudikire aume. Muwaone m'mawa, madzulo ndi usiku getsi litayaka.

Ngati pulasitala ndi watsopano, musiyeni aume pafupifupi milungu 4, kenako muyambe ndi penti wapansi, primer. Mukathamangira, mchere woyera umatuluka m'khoma, ndipo pa terracotta zigamba zake zimaonekera patali kuposa pa kirimu.

Mmisiri wopenta nyumba