Mbewa za m'labotale zikutichenjeza za dzuwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe anthu amene amaseka akamva kuti akatswiri a sayansi kunja amathera ndalama zankhaninkhani poweta mbewa zosinthidwa chibadwa. Kuno ku Ntcheu mbewa timazidziwa zili zotungidwa pa timitengo m'mbali mwa msewu wa M1, choncho kusekako n'komveka, koma zimene mbewa za m'labotale zaonetsa pa matenda a maso ndi khansa ya pakhungu zikukhudza mabanja athu omwe.

M'chaka cha 1993 ofufuza a pa yunivesite ya Wisconsin ku America analengeza zotsatira za mbewa zimene anaziika majini (tizigawo ta malangizo a chibadwa) awiri a kachilombo ka HPV 16, kaja kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Iwo ankafuna kuona zimene zingachitikire kagalasi ka m'kati mwa diso, kamene kakachita mbuu timati munthu ali ndi ng'ala. Maso a mbewazo anawonongekadi, ndipo zina mwa izo zitakula zinatulukanso zotupa pakhungu. Kagalasi ka diso ndi khungu lapamwamba zimachokera ku gulu limodzi la maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) pamene mwana akuumbika m'mimba, n'chifukwa chake akatswiri saziyesa zinthu zotalikirana monga momwe ife timaganizira.

Mu 1995 ofufuza ena ku Japan ndi ku Netherlands anachotsa m'mbewa jini yotchedwa XPA, yomwe imathandiza kukonza DNA (nkhokwe ya malangizo a chibadwa m'maselo) ikawonongedwa ndi cheza cha dzuwa cha UV. Mbewazo ataziika pa cheza chimenechi zinadwala khansa ya pakhungu mofulumira kwambiri kuposa zinzake zosasinthidwa. Mbewa si munthu, ndipo sindikunena kuti zonse zochitika kwa iyo zimachitikanso kwa ife, komabe cheza chomwechi n'chimene chimawononga khungu la munthu pang'onopang'ono, ndipo chimathandizira kuti ng'ala ibwere msanga.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino okwana 134,636 m'Malawi muno. Khungu lawo lilibe chitetezo chokwanira ku dzuwa, ndipo amene anakhalapo pafupi ndi mlimi wachialubino amadziwa tizilonda touma ta pamilomo, m'makutu ndi kumbuyo kwa khosi, timene timanyalanyazidwa mpaka titasanduka bala losapola. Zimandipweteka kuona mwana wotere akupalira chimanga masana, mutu uli pamtunda.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti mafuta oteteza khungu ku dzuwa azipezeka nthawi zonse m'zipatala zazing'ono za kumidzi, limodzi ndi zipewa zakhonde, ndiponso kuti tsiku loyeza khungu likhalenso loyeza maso, popeza ulendo umodzi wa kuchipatala ndi wodula kale kwa munthu wa ku Tsangano. Agogo amene maso awo achita chifunga nawonso apite nawo tsiku lomwelo, chifukwa ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, monga amachitira ku chipatala cha Nkhoma, ndipo munthu amayambiranso kuona.

Mphunzitsi wa sayansi,
Lizulu, Ntcheu