Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana aphunzitsidwe kuthetsa mikangano popanda nkhonya

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani monga munthu amene wagwira choko kwa zaka zambiri, ndipo ndasankha kuti kalatayi iwerengedwe poyera chifukwa nkhani yake ikukhudza makolo, aphunzitsi ndi ana omwe, ngakhale kuti mphamvu zoisinthira zili m'manja mwanu. Pempho langa ndi lakuti luso lothetsa mikangano mwamtendere liziphunzitsidwa m'sukulu mwadongosolo, lipatsidwe nthawi yake ndiponso munthu woliyang'anira, monga timachitira ndi masamu kapena kuwerenga. Pakadali pano timayembekezera kuti mwana angodziwa yekha chochita mnzake akamulakwira, ndipo akalephera timamulanga chifukwa chosadziwa chinthu chimene palibe anamuphunzitsapo.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Tsiku lina anandibweretsera anyamata awiri amene anamenyana pa nthawi yopuma, wina milomo itatupa, winayo malaya atang'ambika. Ndinawalanga onse mofanana, ndinawauza kuti agwirane chanza pamaso pa anzawo, ndipo ndinabwerera m'kalasi ndikudziona ngati woweruza wachilungamo. Patangopita milungu yochepa wamng'onoyo anasiya kubwera kusukulu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwanayo anali wachibwibwi, kuti mnzake uja pamodzi ndi kagulu kake anakhala akumuyeserera kalankhulidwe kwa miyezi yambiri, ndiponso kuti nkhonya imene ndinamulangira inali yoyamba kuponya iye atatopa ndi kupirira. Kalasi yonse inkadziwa zimenezi kupatula ine. Chanza chimene ndinawagwiranitsa chinangomuuza mwanayo kuti ngakhale akuluakulu sadzamva mbali yake.

Za mwana ameneyu si zachilendo. Mu 2019 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, linatulutsa lipoti losonyeza kuti padziko lonse pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu alionse anali atavutitsidwa ndi anzake kusukulu m'mwezi umodzi wokha asanafunsidwe, ndipo m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara chiwerengerochi chinali ana 48 mwa 100 alionse. Chaka cha 2018 bungwe la UNICEF linanena kuti ana pafupifupi 150 miliyoni a zaka zapakati pa 13 ndi 15, omwe ndi theka la ophunzira a msinkhu umenewu, amakumana ndi nkhanza zochokera kwa anzawo kusukulu kapena pafupi ndi sukulu. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa kwambiri monga mwini wa unduna ndi china chimene lipoti la UNESCO lija linapeza, chakuti mwana wovutitsidwa kawirikawiri amajomba kusukulu mowirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzake. Boma limamanga makalasi, kugula mabuku ndi kulipira aphunzitsi, koma mwana amene akuopa bwalo la sukulu safika pamene pali zinthu zonsezo.

Udindo wa boma pa nkhaniyi unalembedwa kale. Pangano la Ufulu wa Ana limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1989, lomwe maiko pafupifupi onse analivomereza, limanena m'gawo 19 kuti mwana atetezedwe ku nkhanza za mtundu uliwonse, m'gawo 28 kuti mwambo wa pasukulu usungidwe mosanyazitsa umunthu wa mwana, ndipo m'gawo 29 kuti maphunziro akonzekeretse mwana kukhala ndi ena momvetsetsana, mwamtendere ndi mololerana. Mawu amenewa timawatchula pamisonkhano, koma ndandanda ya maphunziro ya tsiku ndi tsiku imakhala chete pa iwo.

Njira imene timaidalira kwambiri ndi chilango, ndipo ndikufuna kunena mosabisa kuti chilango chili ndi malo ake, pakuti mwana wovulaza mnzake ayenera kudziwa kuti wachita chinthu chachikulu. Vuto ndi lakuti chilango chimangoletsa, sichisonyeza mwana chimene akanachita m'malo mwa nkhonya. Ku America sukulu zambiri zinayesapo lamulo lochotsa kapena kuimitsa mwana aliyense wopalamula popanda kuyang'ana chimene chinachititsa, ndipo mu 2008 gulu la akatswiri a bungwe la American Psychological Association litaunika umboni wa zaka zambiri linapeza kuti panalibe chosonyeza kuti njirayi inapangitsa sukulu kukhala zotetezeka. Mwana woimitsidwa amakakhala kunyumba milungu iwiri akupsa mtima, kenako amabwerera pampando wake womwewo, pafupi ndi mnzake yemweyo, atatsalira m'maphunziro, mlandu uja usanakambidwe.

Chikwapu ndicho choipa koposa, chifukwa chimaphunzitsa bwino kwambiri phunziro lolakwika. Mphunzitsi akamenya mwana chifukwa chomenya mnzake, ana onse oonerera amamva uthenga umodzi, wakuti wamphamvu ndiye amaloledwa kumenya. Ena mwa aphunzitsi anzanga amati popanda chikwapu kalasi singalamulike, ndipo sindiwanyoza, chifukwa ambiri a ife tinaleredwa chotero ndipo palibe anationetsa njira ina. Koma njirayo ilipo, ndipo inayesedwa m'sukulu zosauka. Ku Uganda, m'boma la Luwero, bungwe la Raising Voices linagwira ntchito ndi aphunzitsi ndi ana kwa miyezi 18 pa kafukufuku wokhudza sukulu zapulayimale 42, theka lake zikutsata ndondomeko yosunga mwambo popanda kumenya, theka linalo zikupitiriza monga kale. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2015 zinasonyeza kuti m'sukulu zotsata ndondomekoyo ana 31 mwa 100 ndiwo ananena kuti wogwira ntchito pasukulu anawamenya m'sabata yapitayo, poyerekeza ndi pafupifupi 49 mwa 100 m'sukulu zinazo. Chiwerengero cha 31 n'chachikulube, koma chikutsimikizira kuti manja a mphunzitsi amatha kuphunzira kuleza.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti pagona nkhani yonse, ndipo ndi pa ana oonerera. Tikamva za ndewu maso athu amathamangira kwa womenya ndi womenyedwa, n'kuiwala khamu lija lozungulira, lokuwa ndi kuseka. Akatswiri awiri a ku Canada, Debra Pepler ndi Wendy Craig, anajambula pa kanema ana akusewera pabwalo la sukulu mumzinda wa Toronto, ndipo anapeza kuti pa zochitika zoposa 80 mwa 100 zimene mwana ankavutitsidwa, anzake analipo akuona. Nthawi zambiri oonererawo sankachitapo kanthu, koma wina akalimba mtima n'kuletsa, pa zochitika 57 mwa 100 nkhanzayo inkatha pasanathe masekondi 10. Mphunzitsi aliyense amene anayendapo pabwalo adzavomereza kuti mwana wovutitsa anzake amafuna omuwombera m'manja, ndipo kuseka kwa anzake ndiwo malipiro ake. Malipirowo akasowa, chidwi chake chimazilala.

Dziko la Finland linamanga ndondomeko yake yotchedwa KiVa pa mfundo imeneyi. Inakonzedwa pa yunivesite ya Turku motsogozedwa ndi Christina Salmivalli, ndipo inayamba kufalitsidwa m'sukulu za dziko lonselo mu 2009. M'maphunziro ake ana amakambirana ndi kuyeserera zimene angachite akaona mnzawo akunyozedwa, monga kusaseka nawo, kukaima pambali pa wonyozedwayo, kumuperekeza, kapena kukaitana wamkulu. Dziko la Norway linayamba kale kuposa pamenepo, mu 1983, anyamata atatu atadzipha chaka cha 1982 m'njira imene anthu anaigwirizanitsa ndi kuvutitsidwa ndi anzawo, ndipo ntchito ya katswiri wofufuza za nkhaniyi, Dan Olweus, m'sukulu za mumzinda wa Bergen inachepetsa mchitidwewu ndi pafupifupi theka. Ndinene chilungamo kuti ndondomeko zimenezi zitatengedwera kumaiko ena zotsatira zake nthawi zina zakhala zocheperapo, makamaka pamene aphunzitsi anangopatsidwa mabuku popanda kuphunzitsidwa ndi kuyenderedwa. Choncho sindikupempha kuti tikopere za eni mmene zilili. Ndikupempha kuti titengepo mfundo yake, yakuti mwana woonerera aphunzitsidwe kuti kukhala chete kwake kumathandiza wovutitsa mnzakeyo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo ana amaumva msanga mwambi umenewu akapatsidwa mpata wokamba za tsiku limene iwo eni anasekedwa popanda wowaikira kumbuyo.

Pali chinthu china chimene ndikupempha kuti malangizo a unduna wanu achilembe momveka, chifukwa ndi chimene ndinaphonya ine pa anyamata aja. Mkangano wa ana olingana mphamvu ndi wosiyana ndi kupezerera. Ana awiri akalimbirana mpira, mpando kapena cholembera, kapena akadana chifukwa cha miseche, onse ali ndi mbali yawo, ndipo anzawo ophunzitsidwa bwino angathe kukhala amkhalapakati. Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza ngakhale kumafuna kuzolowera. Aliyense amalankhula popanda kudulidwa mawu, kenako aliyense amabwereza zimene mnzake wanena kufikira mwiniwake atavomereza kuti wamvedwa, ndipo pomaliza awiriwo amapangana okha chochita, mkhalapakati n'kudzawafunsanso pakapita masiku angapo. Gawo lobwereza mawu a mnzako ndilo lovuta, ndipo ndaonapo ana aukali akufewa pakati pa chiganizo atazindikira kuti chimene anakwiyira sichimene mnzawo anatanthauza. Koma pamene wamkulu akuzunza wamng'ono, kapena gulu likusala mmodzi mobwerezabwereza, kuwakhazika pamodzi kuti agwirizane ndi kumuonjezera katundu wozunzidwayo, chifukwa adzavomera chilichonse mwamantha ndipo adzalipira panjira popita kunyumba. Nkhani zotere, pamodzi ndi zonse zokhudza zida kapena nkhanza zogonana, ndi za akuluakulu, ndipo mwana asasenzedwe udindo woziweruza.

Za kukoma mtima ndinena mwachidule, popeza zimanenedwa kwambiri. Mawu okongola olembedwa pakhoma la sukulu amafufutika ndi mvula popanda kusintha mwana ndi mmodzi yemwe. Chifundo chimakula pamene mwana wapatsidwa munthu womusamalira, monga wophunzira wamkulu akapatsidwa watsopano kuti amuonetse malo, amudikire pa nthawi yopuma ndi kumufunsa mmene tsiku layendera. M'sukulu zogonera komweko, kumene ophunzira akale amazunza atsopano ponena kuti nawonso anazunzidwa, dongosolo limeneli limasandutsa wamkuluyo kukhala mtetezi wa yemwe akanamuzunza. Tiyeneranso kufunsa ana eni ake malo amene amawaopa, chifukwa adzatchula zimbudzi, kuseri kwa makalasi, zipinda zogona, njira yopita kunyumba, ndiponso masiku ano magulu a pa WhatsApp ndi Facebook kumene chipongwe cha masana chimawatsata mpaka usiku. Kumeneko n'kumene maso a mphunzitsi safika.

Ndikudziwa yankho limene alangizi anu angakupatseni, lakuti makalasi ndi odzaza, aphunzitsi ndi ochepa, silabasi ndi yaitali ndipo ndalama palibe. Zonsezi n'zoona, ndipo ndazikhala. Koma nthawi imene tikuopa kuwononga tikuiwononga kale, poweruza ndewu pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, poitana makolo, ndi pokhazika bata m'kalasi imene yabwera kuchokera kopuma ili yogawikana. Phunziro limodzi pa sabata loti kalasi ikhale pansi ndi mphunzitsi wake n'kukambirana zimene zavuta pakati pawo silifuna nyumba yatsopano kapena makina. Chimene chimafuna ndalama ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo malo otsika mtengo ochitira zimenezi ndi m'makoleji awo, asanayambe ntchito. Ine ndinatuluka m'koleji ndikudziwa kulemba chikonzero cha phunziro mwaluso, koma palibe ola ndi limodzi lomwe limene ndinaphunzira zolankhula kwa ana awiri amene akufuna kukhadzulana, kapena zozindikirira mwana amene wasiya kukweza dzanja chifukwa choopa kusekedwa.

Chotsiriza ndi nkhani ya chilungamo pa malipoti. Mphunzitsi wamkulu amene akudziwa kuti sukulu yake idzatchuka moipa akanena za nkhanza amasankha kubisa, ndipo pamapepala ofika ku unduna wanu sukulu zonse zimaoneka zamtendere. Ndikupempha kuti kamodzi pachaka ana azifunsidwa mwachinsinsi, popanda kulemba maina, ngati avutitsidwa, kuti zinachitikira kuti, ndiponso ngati alipo wamkulu amene angamuuze. Oyendera sukulu aziona mayankho amenewa pamodzi ndi zotsatira za mayeso, ndipo sukulu imene yaulula vuto ilandire thandizo m'malo mwa chidzudzulo. Maiko a m'bungwe la UNESCO anagwirizana mu 2019 kuti Lachinayi loyamba la mwezi wa Novembala lizikhala tsiku lokumbukira kulimbana ndi nkhanza ndi kupezerera m'sukulu, kuphatikizapo za pa intaneti. Ndikupempha kuti pa tsiku limeneli chaka chino, m'malo mwa zolankhula ndi zikwangwani zokha, mulengeze chaka chimene makoleji a aphunzitsi adzayambe kuphunzitsa luso loyanjanitsa ana, ndiponso tsiku limene mafunso oyamba achinsinsi adzafike m'manja mwa ophunzira.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pantchito