Dziko lonena msanga za mliri lisamalangidwe

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za malamulo oyendetsera mgwirizano wa maiko polimbana ndi miliri. Malamulo a zaumoyo omwe maiko anagwirizana mu 2005 amati boma likaona kuti kwabuka matenda oti angadumphe malire, lidziwitse bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pasanathe maola 24. Kulinso GOARN, mgwirizano womwe unayamba mu 2000 wotumiza akatswiri kumene kwagwa mliri. Koma akatswiriwo sanganyamuke ngati eni dziko akhala chete, ndipo zomwe taona n'zakuti kukhala chete kumapindulitsa.

Mu Novembala 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa atatulukira mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19 wotchedwa Omicron, sanabise. Malipiro ake? Pasanapite masiku, Britain, America ndi maiko a European Union anatsekera zitseko apaulendo ochokera kum'mwera kwa Africa. Anthu anasowa mtengo wogwira m'mabwalo a ndege, matikiti ali m'manja, mahotela n'kutaya alendo Khirisimasi ili pafupi. Kenako zinadziwika kuti ku Netherlands kachilomboko kanalipo kale chilengezo chisanaperekedwe. Malamulo a 2005 aja amaletsa kutseka malire popanda umboni wa sayansi, koma wowaphwanya palibe chimamuchitikira. Nduna ya zaumoyo yomwe inaona zimenezi, mawa idzathamangira kulengeza? Ine ndikukayika, ndipo sindingaiweruze kwambiri.

Dandauloli si lachilendo. Mu 2007 dziko la Indonesia linkakana kupereka tizilombo ta chimfine cha mbalame cha H5N1, ponena kuti makampani amapangira katemera yemwe eni tizilomboto sangakwanitse kugula. Ambiri analinyoza, komatu mkanganowo ndi womwe unabala pangano la 2011 logawana phindu. Vuto lake, limakhudza chimfine chokha.

Pangano la miliri lomwe linavomerezedwa ku Geneva mu Meyi 2025 likuti makampani olowamo azipatulira WHO magawo 20 pa 100 alionse a katemera, mankhwala ndi zipangizo zoyezera, theka lake mwaulere. N'chiyambi chabwino, koma sichikukhudza bala lenileni. Nthumwi zokambirana nkhanizi ziumirire kuti dziko lotseka malire lizipereka umboni wake poyera, ndipo pakhale thumba la ndalama lopepesera dziko lomwe chuma chake chagwa chifukwa chonena zoona.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa