Chilengezo: Tikaone Chionetsero cha Ntchito za Amayi

Okondedwa mamembala nonse,

Komiti ikukudziwitsani kuti pa 8 Marichi, lomwe ndi Tsiku la Akazi Padziko Lonse, tidzapita limodzi kunyumba yosungiramo zinthu zakale kukaona chionetsero cholemekeza ntchito zimene amayi agwira kuyambira makedzana.

Kumeneko tikamva za Marie Curie, wasayansi amene anatulukira mitundu iwiri ya zitsulo yotchedwa polonium ndi radium pamodzi ndi mwamuna wake Pierre, ndipo analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911. Tikamvanso za Wangari Maathai wa ku Kenya, yemwe anayambitsa bungwe la Green Belt Movement mu 1977 polimbikitsa amayi kubzala mitengo, ndipo mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Nobel ya mtendere.

Ineyo chimene chandikhudza kwambiri ndi gawo la amayi amene mayina awo sanalembedwe paliponse, monga azamba, oumba mbiya ndi oluka nsalu, chifukwa zipangizo zawo ndizo zatsala kuwachitira umboni, ndipo ndikupempha kuti tikafika pamenepo tisakathamange.

Amene mukufuna kupita nawo mulembetse mayina kwa mlembi mwezi wa Febuluwale usanathe. Chonde mubwere ndi ana anu, aakazi ndi aamuna omwe.

Wapampando