Aphungu osinthasintha mawanga pa nkhani ya nyengo akutiphetsa

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima. Ine ndimakhala ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche, ndipo mu Marichi 2023 pomwe namondwe Freddy ankagwetsa matope ndi chimiyala kuchokera mphiri muja ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa anthu akukumba ndi makasu kufunafuna abale awo. Dziko lonse tinataya anthu opitilira 1,000. Mpaka pano mvula ikangoyamba usiku ana anga sagona.

Ndiye ndikamamva kuti aphungu a mmaiko olemera, omwe utsi wa mmafakitale ndi magalimoto awo ndi umene ukutenthetsa dziko, lero anena izi mawa anena zina, zimandiwawa zedi. Taonani ku America. Mu 2003 a John McCain a chipani cha Republican anabweretsa bilu limodzi ndi a Joe Lieberman yoika malire pa utsi woipawu, inagwa inde koma munthuyo anaima nayo mpaka pomwe ankapikisana pa upulezidenti mu 2008. Chaka chomwecho a Newt Gingrich a Republican, amene anakhalapo sipikala, anakhala pa sofa imodzi ndi a Nancy Pelosi a chipani cha Democrat pa TV kuuza anthu kuti dziko lichitepo kanthu. Pofika 2011 a Gingrich omwewo akufuna mavoti a chipani chawo anadzati kukhala pa sofa paja kunali kupusa. Kodi pazaka zitatuzo chinasintha ndi chani, nyengo inabwelera mwakale? Ayi, chinasintha ndi komwe kunali mavoti komanso ndalama za kampeni basi.

Mu 2009 bilu ina yochepetsa utsi inadutsa mu nyumba yaing'ono ya malamulo ndi mavoti 219 kwa 212, a Republican omwe anaivomera anali 8 okha, ku nyumba yaikulu ya Senate siinavoteredwe nkomwe inangofera mmanja. Mu 2015 a Jim Inhofe, phungu wa Republican wa ku Oklahoma, dera lokumba mafuta, analowa mu Senate ndi chibuluma cha chipale chofewa ati kuonetsa kuti kunja kukuzizira ndiye dziko silikutentha, chonsecho Januwale wa chaka chomwecho kuno madzi anali atamiza Nsanje ndi Chikwawa. Pangano la Paris, loti maiko achepetse utsiwu, nalo ndi lowa tuluka, a Trump anatulukamo, a Biden anabwelera mu 2021, a Trump asainanso zotuluka mu Januwale 2025.

Aphunguwa amati malamulo a utsi amapha ntchito ndi kukweza mitengo ya mafuta. Ine sindikupeputsa zimenezo, ndikudziwa kuwawa kwa kugona pa mzere wa petulo. Koma ntchito zathu ife siziwerengedwa? Africa yense satulutsa ngakhale 4 peresenti ya utsiwu, koma namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 ndife tinakhala mumdima miyezi yambirimbiri, owotchelera zitsulo, a zigayo, ometa, onse manja mkhosi, ndipo magetsi akasowa aliyense amathamangira mbaula, mitengo yotsala ku Michiru ndi kumapita. Mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza za ngozi mmaboma 23 mwa 28.

Koma tisamangoloza kunja a Mkonzi, athu omwe khalidwe ndi lomweli. Lamulo lathu loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linali la 1991, bilu yatsopano inakhala zaka ikungozungulira mmaofesi, inadzadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2023 titaika kale maliro. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, khothi lalikulu la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, koma makampani ankangothamangira kukatenga ziletso ndipo ndi aphungu angati anaimilira kukalipa? Pitani mukaone Mudi kapena ngalande za mu Limbe momwe majumbo atsekera, mvula ya ola limodzi madzi ali mnyumba za anthu. Pa maliro amabwera ndi matumba a ufa nkulonjeza kuti phiri tilibwezeretsa, nthawi ya kampeni ikafika nkhani ya odula mitengo ndi ogawa mapuloti mphiri saitchula, akuopa kutaya voti.

Pempho langa kwa inu ndi ili, tumizani atolankhani anu akafukule zomwe phungu aliyense wa mu Blantyre muno anayankhula mu Nyumba ya Malamulo pa nkhani ya nkhalango, makala, majumbo ndi kusamutsa anthu okhala malo oopsa, muzisindikize pambali pa zomwe akunena lero, dzina ndi tsiku lomwe. Muwafunsenso kuti ndalama za thumba lija lolipira zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo, lomwe maiko anagwirizana ku Egypt mu 2022, akuzilondola bwanji kuti zifike kwa anthu ngati anzanga omwe anabwelera kukamanga pomwe panagumuka paja chifukwa alibe kwina kopita.

Ine wanu,
Mayi wokhudzidwa,
Chilobwe, Blantyre