Chilengezo: Loweruka lino tiyeza kukumbukira kwa agogo athu

Amayi ndi abambo a gulu lathu,

Loweruka lino tikumana ku Chibavi, pamalo athu a nthawi zonse, 9 koloko m'mawa. Kubwera anamwino awiri kudzayeza okalamba omwe akuiwalaiwala.

Kuyezaku kulibe jakisoni, ndi mafunso chabe. Pa njira ya Mini-Cog, agogo amauzidwa mawu atatu, ajambule wotchi, kenaka awakumbukire mawu aja. Zimatenga mphindi zitatu basi. Koma agogo ambiri kuno sanagwirepo cholembera, choncho anamwinowa agwiritsanso ntchito njira ya IDEA, yomwe inapangidwa ku Tanzania poganizira anthu osapita kusukulu: kutchula nyama zomwe akuzidziwa m'mphindi imodzi, ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira momwe aonetsedwera. Omasuka m'Chitumbuka afunsidwa m'Chitumbuka.

Chonde timvetsetsane apa. Kulephera mafunsowa si chigamulo choti munthu ali ndi dementia, matenda a muubongo oiwalitsa zinthu. Kusamva bwino, kukhumudwa kwa nthawi yaitali kapena kuchepa kwa vitamini B12 kumasokonezanso mutu, ndipo zimenezi zili ndi chithandizo. Amene zawavuta atumizidwa kuchipatala kuti akaunikidwe bwino.

Mayi anga ankasiya ndiwo pamoto mpaka kupserera, tsiku lina anasochera pochokera kumsika, anthu n'kuyamba kunong'onezana za ufiti. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa anali matenda.

Abwere ndi buku lawo lakuchipatala, magalasi ngati amavala, juzi popeza m'mawa kukuzizira, komanso wachibale amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, chifukwa naye afunsidwa zomwe wakhala akuziona.